Kodi phungu wa chipani china amatsekereza chitukuko?

Amayi ena a ku Kapata, muno mu Chipata, andilembera imelo. Akuti kumsika anthu amanena kuti dera likasankha phungu wosiyana chipani ndi pulezidenti, ladzimana lokha chitukuko kwa zaka zisanu. Akufunsa ngati n'zoona, ndiponso chifukwa chake zotsatira za pulezidenti ndi za aphungu sizifanana pamene ovota ndi omwewo.

Amayi, ndiyambe ndi funso lachiwirili. Pa chisankho cha muno mu Zambia cha pa 12 August 2021, aliyense wa ife analandira mapepala anayi ovotera: la pulezidenti, la phungu, la meya kapena wapampando wa khonsolo, ndi la khansala. Mipikisano imeneyi ili ndi malamulo osiyana. Kuyambira 2016, wofuna upulezidenti ayenera kupeza mavoti opitirira theka la mavoti onse ovomerezeka m'dziko muno, ndipo pakasowa wofikapo, awiri otsogola amapikisananso pasanathe masiku 37. Kwa phungu kulibe zimenezo. Amene waposa anzake m'dera lake wapambana, kaya ndi voti imodzi yokha.

Zinatuluka motere: a Hakainde Hichilema a UPND anapeza 59 peresenti, a Edgar Lungu a PF pafupifupi 39 peresenti, kusiyana kwa mavoti pafupifupi miliyoni imodzi. Koma pa mipando 156 ya ku nyumba ya malamulo, UPND inatenga 82, PF 60, oima paokha 13, ndipo umodzi unapita ku chipani chaching'ono cha PNUP. Mukuona kuti ku nyumba ya malamulo kusiyana kunachepa. Pa upulezidenti voti iliyonse ya ku Monze kapena ku Chadiza imalowa m'nkhokwe imodzi ya dziko lonse, pomwe dera lingavotere chipani chimodzi pafupifupi lonse, mpando wake ndi umodzi basi.

Chinanso n'chakuti anthu akwathu sagwira pepala lililonse ndi mtima umodzi, ndipo ine zimenezi zimandinyaditsa. Ku Petauke Central anasankha a Emmanuel Banda, ku Nyimba a Menyani Zulu, ku Lumezi a Munir Zulu, onsewa oima paokha. Muno mu Chipata Central anadutsa a Reuben Mtolo Phiri a UPND, amene pambuyo pake anakhala nduna ya zaulimi. Munthu amatha kuyang'ana chipani pa pepala la pulezidenti, koma pa la phungu n'kuyang'ana amene amafika pamaliro, amene akudziwa mlatho womwe umakokoloka dzinja lililonse.

Tsopano za chitukuko. Sindingakunamizeni kuti chipani chilibe kanthu. Nduna zimasankhidwa ndi pulezidenti kuchokera mwa aphungu, ndipo misewu ikuluikulu amaikonzera ku Lusaka, choncho phungu wa chipani cholamula amamveka msanga. Koma mawu a kumsika aja akupitirira muyeso, ndipo amandipweteka chifukwa amaopseza ovota. Ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera a aphungu, zimaperekedwa mofanana ku dera lililonse la phungu, osafunsa kuti munavotera yani. Mu bajeti ya 2022 zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera limodzi, ndipo Lumezi analinso pa mndandanda womwewo pamodzi ndi Chipata Central. Ndalamazi zimadzera ku khonsolo, osati m'thumba la phungu, ndipo zofuna za anthu, kaya ndi mjigo, kalasi kapena nyumba ya amayi oyembekezera pa kiliniki, zimayambira ku komiti ya chitukuko ya wadi yanu.

Kumeneko n'kumene madera ambiri amatayira mwayi, pakuti ku misonkhano ya wadi kumafika anthu ochepa, kenaka timadabwa kuti ntchito yapita kwina. Amayi, funsani khansala wanu tsiku la msonkhano wotsatira, mupite ndi anzanu a kumsika, ndipo mukapemphe kuona mndandanda wa ntchito za CDF zimene zavomerezedwa chaka chino ndi ndalama za ntchito iliyonse.