Kodi nyumba zakale za njerwa zingamatidwe ndi simenti?

Funso: Akonzi, kodi nyumba zakale monga ya Mandala ku Blantyre zikayamba kung'aluka, sizingangomatidwa ndi simenti? Wowerenga wa ku Ndirande.

Yankho: Ayi ndithu. Nyumba ya Mandala, imene kampani ya African Lakes inamanga mu 1882, ndi yotetezedwa ndi lamulo, choncho munthu sangaisinthe popanda chilolezo cha boma. Komanso njerwa za nthawi imeneyo n'zofewa, ndipo amisiri ankazilumikiza ndi dothi kapena laimu, zomwe zimalola chinyezi kutuluka m'khoma. Simenti imatsekera chinyezicho m'kati, mwakuti khoma limaoneka losalala kunja pamene njerwa zikufumbutuka kuseri kwa pulasitala. Khonde lalikulu limene mumaliona panyumbayo si lokongoletsera chabe, limatchinjiriza makoma kuti mvula isawawombe. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito amayamba wayendera denga ndi ngalande asanakhudze mng'aluwo.