Khadi ya ngongole isakumangeni musanakhazikike kuno ku UK

Abale anga amene mwangofika kumene, banki ikadzakupatsani khadi ya ngongole, itengeni, chifukwa kuno mbiri yobweza ngongole ndi imene amaiyang'ana mukafuna foni ya pangongole kapena nyumba. Koma mverani zimene zinandionekera ine.

Chaka changa chachiwiri ku Leeds, ndikugwira ntchito yosamalira okalamba, kunagwa maliro a amalume kwathu ku Dedza. Malipiro anali asanalowe, ndiye ndinatumiza ndalama ya bokosi ndi chakudya cha pamaliro kudzera pa khadi. Sindinadziwe kuti mabanki ambiri amawerenga kutumiza koteroko ngati kutapa ndalama pa ATM: amadulirapo ndalama ina, ndipo chiwongoladzanja chimayamba tsiku lomwelo. Kenaka kunabwera fizi ya mwana, jekete la nyengo yozizira, mpaka ngongole inafika £2,000.

Mwezi uliwonse ndinkapereka minimum payment, ndalama yochepetsetsa imene banki imafuna kuti mubweze pamwezi, mtima uli m'malo. Usiku wina ndili pa shifiti ndinakhala pansi ndi kalata ya banki ndi cholembera. Pa chiwongoladzanja cha 24% pachaka, ndinkapereka pafupifupi £56, koma £36 inali ya chiwongoladzanja. Yochepetsa ngongole inali £20 yokha. Choipa china, ngongole ikamatsika minimum imatsikanso, moti mungalipire zaka zoposa khumi. Mtima unandipweteka kwambiri.

Mawa lake ndinasintha direct debit, chilolezo choti banki izidula yokha ndalama mu akaunti yanga, kuti izidula £100 yosasintha mwezi uliwonse, tsiku lotsatira malipiro, ndalama isanayambe kuyenda. Mwa njira imeneyo £2,000 imatha m'zaka ziwiri ndi mwezi. Ndikapeza shifiti yowonjezera ndinkaponya momwemo, ndipo khadi ndinaitsekera m'sutikesi. Ngati muli ndi makhadi awiri, limbanani kaye ndi ya chiwongoladzanja chokwera, inayo muzipereka minimum osaphonya, poti kuphonya kumakhala pa mbiri yanu zaka 6.

Mbiri yanu ikakhala bwino, funsani za balance transfer, kusamutsira ngongole ku khadi ina ya 0%, yopanda chiwongoladzanja kwa nthawi yoikika. Amadula pang'ono posamutsa, nthawi zambiri cha m'ma 3%. Musaguleko kanthu ndi khadi yatsopanoyo, ndipo lembani pakhoma tsiku limene 0% ikutha.

Chovuta koposa chinali kuuza mayi pafoni kuti kwa miyezi ingapo ndizitumiza zochepa. Ndinkaopa kuti aziti ndaiwala kwathu. Anangoti, "Maliza kaye ngongoleyo mwanawe." Pano tili ndi chipereganyu cha anthu asanu, ndipo za maliro zimachokera pa ndalama imene ndimasunga padera.

Zikakukulirani, musabise makalata pansi pa matiresi ndipo musapite kwa akatapila. Mabungwe a StepChange, National Debtline ndi Citizens Advice amathandiza kwaulere pa nkhani za ngongole, ndipo akhoza kukuthandizani kukambirana ndi banki.