Tifunseni za Makompyuta: Zithunzi 200, saizi imodzi

FUNSO: Ndine mlembi wa kalabu ya alimi a mbatata ya kachewere kuno ku Tsangano. Bungwe lomwe limatithandiza ndi mbewu latiuza kuti titumize zithunzi za minda yathu ndi za mamembala onse, ati zikhale za saizi imodzi poti za mamembalazo akufuna kupangira ziphaso. Zithunzi zilipo zoposa 200, zojambulidwa ndi mafoni a anthu osiyanasiyana, ndipo pa imelo zikukana kupita. Mwana wanga anayamba kuzichepetsa pa laputopu chimodzichimodzi mpaka anagwa ulesi, komanso zomwe anachepetsazo nkhope zatuluka zophwatalala moti atcheyamani athu anachita kudzikana. Kodi palibe njira yachidule? Mlembi, Tsangano, Ntcheu.

YANKHO: Zikomo a mlembi. Njira ilipo, ndipo kompyuta ingathe kumaliza zithunzi zonsezo madzi a tiyi asanawire. Koma tiyambe ndi nkhope ya atcheyamani, chifukwa vuto lenileni lagona pamenepo.

Foni yojambula pa mamegapikiselo 12 imatulutsa chithunzi cha timadontho 4000 mulitali ndi 3000 mulifupi. Timadontho timeneti ndi tomwe timatchedwa mapikiselo. Mukajambula foni ili chogona, chithunzi chimakhala 4000 kupita m'mbali, 3000 kukwera m'mwamba. Mukaiimika, manambalawo amasinthana. Ndiye mwana wanu, poyesetsa kumvera zomwe bungwe lanena, ayenera kuti analemba manambala amodzimodzi pa chithunzi chilichonse, mwina 800 ndi 600, osayang'ana kuti ichi n'choima kapena n'chogona. Chithunzi choima mukachikakamiza kulowa m'malo a chogona, kompyuta sitsutsa, imangochipsinja kumutu n'kuchikoka m'mbali. Makutu amatalikirana, chibwano n'kuyandikira mphuno. Kuno ku Dedza boma, komwe ndimatsukira anthu zithunzi, zotere zimabwera pafupipafupi, makamaka nyengo yolembetsa mayeso ana akamafuna tizithunzi ta pa fomu.

Chofunika n'kuuza kompyuta nambala imodzi yokha, ya mbali yayitali, ina iwerengere yokha. Mukati mbali yayitali ikhale 1600, chogona chija chituluka 1600 ndi 1200, choima chituluka 1200 ndi 1600, ndipo palibe munthu aphwatalale. Zithunzi za minda zimangofuna zomwezi basi.

Musanakhudze kanthu, koperani zithunzi zonse pa flashi n'kuiika padera. Kuchepetsa chithunzi kuli ngati kugayitsa chimanga, ufa subwereranso kukhala njere. Mapikiselo omwe kompyuta yataya apita ndithu. Kenako pangani mafoda awiri, ina ya minda, ina ya mamembala.

Pa za mindazo ine ndimagwiritsa ntchito IrfanView, kapulogalamu kakang'ono ka pa Windows komwe anakonza Irfan Skiljan ndipo kalipo kuyambira 1996. Ndimakakonda poti sikalemetsa ngakhale laputopu yokalamba, komanso kukatsitsa sikudya bandulo yambiri. N'kaulere pa ntchito zosakhala zamalonda, koma ife amene timapezerapo ndalama timayenera kukalipira. Mukakatsegula dinani chilembo B, patuluka bokosi la "Batch conversion". Lowani m'foda ya minda ndi kudina "Add all". Chongani pomwe alemba "Use advanced options", mudine "Advanced", muchonge "Resize", ndipo pa "Set long side to" lembani 1600. Pamenepo pali timabokosi tiwiri toti musatiiwale. Koyamba ndi "Preserve aspect ratio", komwe kamateteza nkhope kuti zisapindike. Kachiwiri ndi "Don't enlarge smaller images", koletsa kompyuta kukulitsa tizithunzi tating'ono kale, monga tomwe ena anajambula ndi timafoni ta mabatani. Mtundu wa fayilo sankhani JPG, ndipo pa "quality" ikani 80 kapena 85. Sonyezani foda yatsopano yopanda kanthu kuti zotulukazo zikagwere mmenemo, n'kudina "Start Batch".

Yambani mwayesa ndi zithunzi zisanu, zoima ndi zogona zomwe, muzitsegule muone ndi maso. Zikakhala bwino, ponyanimo zonse.

Za imelo ija, Gmail salola kumata zinthu zopitirira 25 MB pa kalata imodzi. Chithunzi chochoka m'foni chimalemera mwina 3 kapena 4 MB, kotero zisanu ndi chimodzi mpaka zisanu ndi zitatu zokha zadzaza kale. Chikatsika kufika pa 1600 nthawi zambiri sichikwana ndi theka la MB, ndiye kalata imodzi inyamula zithunzi makumi angapo, ndipo ndi netiweki ya kumapiriko mudzaona kusiyana kwake.

Tsopano za mamembala, apa mpamene pali ntchito. Chiphaso chili ndi kamalo kake ka chithunzi, ndipo zonse ziyenera kufanana mulitali ndi mulifupi momwe. Kukoka n'koletsedwa, ndiye chatsala ndi kudula m'mphepete. Choyamba imbirani a bungwewo akuuzeni manambala enieni, musachite kulota. Ziphaso zambiri zimatenga chithunzi cha mamilimita 35 ndi 45, chomwe pa kasindikizidwe ka madontho 300 pa inchi chimakhala mapikiselo 413 ndi 531. Ngati laputopuyo ili ndi Windows 10 kapena 11, pali PowerToys ya Microsoft, yaulere, yomwe ili ndi chida chotchedwa Image Resizer. Mumasankha zithunzi zonse m'foda, kudina batani la kumanja la mausi, kusankha chidacho, n'kulemba manambala aja. Ikupatsani njira zitatu. "Stretch" ndi imene imakoka nkhope, ithaweni. "Fit" imachepetsa osadula, choncho saizi sizifanana ndendende. Ya ziphaso ndi "Fill", imene imadzaza malo onse n'kudula zotsalira m'mbali.

Koma ndikuuzeni zoona, a mlembi, kompyuta imadula poyang'ana pakati pa chithunzi, sidziwa komwe kuli mutu wa munthu. Wina anajambulidwa ataima patali pafupi ndi ngolo, wina ali pakona atanyamula thumba, wina wavala chipewa cha mphepo mpaka m'maso poti Tsangano ndi Tsangano. Zoterezi ngakhale mutazipatsa manambala ofanana, pa chiphaso wina adzaoneka mutu wokhawokha, wina thupi lonse ngati kanyerere. Ndikanakhala ine, sindikanalimbana nazo. Tsiku la msonkhano ndikanakhoma nsalu yoyera pakhoma la pamthunzi, kuika mpando umodzi, kulemba mzere pansi pomwe wojambula aziima, n'kujambula aliyense ndi foni imodzi, ili choimika, kuyambira pachifuwa kupita kumutu. Wina azilemba maina m'kope motsatira mndandanda womwe akujambulidwira. Zithunzi zojambulidwa chonchi "Fill" imazidula zonse mofanana popanda kudula munthu chipumi. Omwe sangabwere, awo okha ndiwo mudule pamanja.

FUNSO: Pa chinkhoswe cha mchemwali wanga anzanga ananditumizira zithunzi pa WhatsApp. Ndikufuna chimodzi ndichikulitse cha pakhoma, koma ojambula akuti chituluka cha mbuu. Akundinamiza? Wowerenga wa ku Bembeke, Dedza.

YANKHO: Sakukunamizani achimwene. WhatsApp imachepetsa chithunzi ikamachitumiza kuti chisadye bandulo, ndipo chikadutsa m'mafoni angapo chimafika chitatheratu mphamvu. Kachithunzi wamba ka mainchesi 6 ndi 4 kamafuna mapikiselo 1800 ndi 1200 kuti katuluke kowala bwino, ndiye cha pakhoma chimafuna ochuluka kuposa apo. Kulemba manambala aakulu pa kompyuta sikuthandiza, kumangofufumitsa timadontho tomwe tilipo kale. Pezani amene anajambula ndi foni yake, ngati sanafufute, akutumizireni posankha "Document" osati "Gallery", kapena mupite ndi flashi mukakopere pomwepo.