Msana ndi phewa la aphunzitsi: ndi ukalamba kapena ndi choko?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, mphunzitsi wa pulayimale, dzina sinditchula. Akuti aphunzitsa zaka 14 ndipo masiku ano akamaweruka phewa la kumanja limachita kuotcha, m'chiuno mouma ngati thabwa, khosi nalo losafuna kutembenuka. Funso lawo linali lakuti, kodi ndi ukalamba wayamba kapena ndi ntchitoyi, nanga poti akafika kunyumba amangopuma osanyamula chilichonse cholemera, bwanji ululuwo sukutha? Anzawo akuti agule lamba wa msana.

Aphunzitsi, zikomo polemba, koma ndiyambe ndi kunena kuti ine si dokotala, ndine munthu amene ndinagwirapo choko kenako msana unandiphunzitsa kuwerenga za msana. Ndiye mawu amene andigwira mu kalata yanu ndi oti "ndimangopuma". Pamenepo mpomwe ndikukayikira kwambiri, kuposa ukalamba.

Tatiyeni tione kaye tsiku lanu. Mukamalemba pa bolodi mumayambira pamwamba penipeni kuti notsi zikwane, mkono uli mmwamba kupitirira phewa, khosi lapendekeka, ndipo simulemba mzere umodzi ayi, mumalemba, kufufuta, kulembanso, piriyodi ndi piriyodi. Phewa limagwiridwa ndi timinofu tinayi ting'onoting'ono tozungulira mfundo yake, ndipo mkono ukamakhalitsa mmwamba misempha ya timinofuti imapanikizika pansi pa fupa la pamwamba pa phewa. Kuotcha mukunenako nthawi zambiri kumachokera pamenepo. Mukachoka pa bolodi mukawerama pa desiki ya mwana, desiki yoti anapangira munthu wa zaka 8, mukumuonetsa pomwe walakwitsa samu, mwawerama chopindika m'chiuno miyendo ili chiwongokere, kenako mwana wina, kenako wina. Ine ndimakumbukira ndikuweramuka pa desiki ya kumapeto dzanja lili m'chiuno, ana nkumaseka kuti aphunzitsi akalamba, chonsecho ndinali ndisanakwane zaka 30.

Ndiye mwafika kunyumba. Kupuma kwake nkotani? Mulu wa makope pamiyendo, mwakhala pa sofa yobira mkati, mutu wazolika mukuchonga mpaka maso kuchita mdima, mukamaliza mwatenga foni, mutu uli chizolikire ola linanso. Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilo 5, ukakhala mowongoka khosi silimva kanthu, koma ukapendekera kutsogolo minofu ya kumbuyo kwa khosi imakhala ikukoka osapumira. Ndiye kwa inu mwapuma, koma thupi langochoka pa kuuma choyimirira nkupita pa kuuma chokhala.

Pakati pa mafupa a msana pali timapilo tofewa, madokotala amati madisiki. Kwa munthu wamkulu timapiloti tilibe misempha ya magazi yokwanira mkati mwake, chakudya chake timachipeza pofinyika ndi kumasuka ngati siponji mukamayendayenda. Mukakhala malo amodzi maola atatu palibe kufinya, palibe kumasuka. Ndipo malangizo akale aja oti msana ukapweteka gonani pabedi masiku angapo anasiyidwa, masiku ano amati pitirizani kuyendayenda mmene mungathere.

Komanso musadzione ngati ndinu nokha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mu 2020 anthu pafupifupi 619 miliyoni padziko lonse anali ndi ululu wa msana wa mmunsi, ndipo akuyembekezera kuti pofika 2050 adzakhala 843 miliyoni. Pafupifupi 9 mwa 10 alionse sapezeka ndi nthenda yoti dokotala nkuiloza kuti nayi, ndiye ngati munapita kukajambulitsa nkukuuzani kuti palibe chomwe chaoneka, sikuti amakunamizani, ndipo sikuti inuyo mukunamizira.

Za lamba ndiyankhe mwachidule. Mu 2023 WHO yomweyo inatulutsa malangizo a msana wopweteka nthawi yaitali, ndipo malamba a msana ali m'gulu la zinthu zomwe anati zisamagwiritsidwe ntchito mwachizolowezi. Zina mwa zomwe analimbikitsa ndi masewera olimbitsa thupi. Ndalama ya lambayo ine ndikanagulira nsapato zafulati zofewa mkati, poti zogogoda zija kuima nazo tsiku lonse miyendo ndi msana zimalipira.

Tsono masewerawo. Ndikudziwa muyankha kuti ndimaima tsiku lonse, masewera ena ati? Nanenso ndinkatero. Koma kuima si kuyenda. Muyeso womwe WHO inapereka mu 2020 kwa akuluakulu ndi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata zoyenda mwandawala kapena china chofanana nacho, chokupangitsani kupuma mofulumirako, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Mphindi 150 ndi mphindi 30 masiku asanu basi, ndipo sizilira jimu, kukhala pampando nkudzuka kakhumi osagwira, kukankha khoma ndi manja, kugona chagada nkumakweza chiuno, zomwezo ndi zolimbitsa minofu. Muyambe pang'ono, musati mawa lomwe ola lathunthu kenako mkucha osadzuka nkumanditukwana.

Zina zomwe simunatchule koma ndizifunsabe. Tulo mumagona maola angati? Munthu wamkulu amafunika osachepera 7, ndipo kusagona kumapangitsa kuti ululu womwewo uzimveka kwambiri, ululuwo nkukulandaninso tulo, zimangozungulira choncho, makamaka nthawi ya mayeso pomwe mukuchonga mpaka pakati pa usiku nkhawa ili tho. Mudziyang'ane tsiku lina kalasi ikamasokosa, mupeza mapewa akwera kufika m'makutu mano mwaluma, ndipo mwakhala choncho kuyambira mmawa osadziwa. Fodya naye, ngati mumasuta kaya aphunzitsi ena akuwerenga pano amasuta, amachepetsa magazi ofika pafupi ndi timapilo tija. Kunenepa kwambiri nako kumawonjezera katundu pa msana ndi mawondo, izo mukuzidziwa kale sinditalikitsa.

Kusukulu komweko sinthani tating'ono. Lembani pa bolodi kuyambira pomwe pali maso anu kutsika, pamwamba pasiyeni, ndipo muzisuntha ndi miyendo m'malo motambasula mkono. Pa desiki ya mwana pindani mawondo kapena kokani mpando mukhale naye, apo ayi mwanayo abwere ndi kope kwa inu, iye msana wake ukadali watsopano. Makope chongerani pa tebulo, mukamaliza khumi dzukani. Chikwama cha makope chija musamachikoleke phewa limodzi lomwelo lomwe mumalembera.

Mapilitsi ngati ibuprofen amathandiza masiku ochepa, koma kumwa tsiku ndi tsiku miyezi kumawononga m'mimba ndi impso, ndiye asasanduke chizolowezi cha mmawa uliwonse.

Koma pali zizindikiro zoti mukaziona musandilemberenso ine, thamangani kuchipatala: mwendo kufooka kapena kukoka phazi, dzanzi pakati pa miyendo, kulephera kugwira mkodzo kapena chimbudzi, kutentha thupi, kuwonda osadziwa chifukwa, ululu wokudzutsani usiku osasintha ngakhale mutembenuke bwanji, kapena ngati unayamba mutagwa. TB imagwiranso msana, anthu ambiri sadziwa. Ndipo ngakhale zonsezi palibe, phewa loti lakhala likuotcha miyezi ndi lofunika kuti alione a fiziyo, akatswiri a kuchipatala othandiza minofu ndi mfundo kudzera m'masewera olimbitsa thupi.

Chimodzi mundiyankhe mukamalembanso, chifukwa mu imelo simunanene: pa holide yaitali ululuwo umachepa kapena umakhala chimodzimodzi? Ukamachepa sabata yachiwiri nkubwereranso sukulu ikangotsegulira, zaka zanu zilibe mlandu kwenikweni, tiyambire pa bolodi ndi pa sofa paja.