Sewero lako silinapse, pita ukaphunzire kaye

Mtsikana wina wa ku Balaka wandilembera ali ndi nkhawa. Wakhoza bwino MSCE, bambo ake akuti unamwino basi, koma iye akufuna kusiya za sukulu n'kupita ku Blantyre kukagulitsa sewero lake la pa TV. Watumizanso chidule chake: anyamata awiri ali pa lole kuchokera ku Nsanje mpaka ku Karonga, pa boma lililonse akupulumutsa munthu. Makalata otere sasowa zotsatira zikangotuluka.

Mwana wanga, sindikubisira, seweroli palibe angaligule. Anyamata akowa onse ndi okoma mtima, amagwirizana pa chilichonse, akaona munthu ali pamavuto amangodumpha m'lole kukathandiza. Owonera ayamba kuwodzera lole isanafike pa Bangula.

Masewero a pamsewu ndi akale. Ku America kunali Route 66, kuyambira 1960 mpaka 1964. Nawonso anali anyamata awiri m'galimoto imodzi, koma taona kusiyana kwawo. Tod Stiles anaphunzira ku yunivesite ya Yale, mwana wa mpondamatiki amene chuma chinatha, n'kumusiyira galimoto ya Corvette yokha. Buz Murdock anali wamasiye wokulira ku Hell's Kitchen mu New York, wa mtima wapachala, wosachedwa kuponya chibakera. Vuto limodzi lomwelo ankaliona mosiyana, ndipo nkhani inkachokera pamenepo.

Koma chimene ndikufuna uchimvetse chili mu The Fugitive, ya 1963 mpaka 1967. Richard Kimble, dokotala wa ana, anaweruzidwa kuti aphedwe pa mlandu wopha mkazi wake, mlandu womunamizira. Sitima yomwe anakwera itachita ngozi anathawa, wapolisi Philip Gerard ali pambuyo pake. M'tauni iliyonse amasintha dzina, amagwira ganyu, safuna kudziwika. Ndiye apeze munthu wavulala. Akamuthandiza, manja ake aulula kuti ndi dokotala ndipo apolisi amva. Akamusiya, munthuyo afa. Kimble amaima monyinyirika, akudziwa kuti akudziika m'kamwa mwa mkango. Anyamata ako amataya chiyani akaima? Palibe. Ngakhale dizilo sawathera.

Zimenezi zimachita kuphunziridwa. Stirling Silliphant, amene analemba zigawo zambiri za Route 66, anali ndi zaka 42 seweroli likuyamba. Anali atamaliza yunivesite n'kugwira ntchito yotsatsa mafilimu zaka zambiri. Iwe ukufuna kutsika minibasi ku Blantyre ndi kope limodzi. Ugona kuti? Udya chiyani?

Lembera malo ku University of Malawi ku Zomba, kumene amaphunzitsa zisudzo ndi zolembalemba. Ukakhale ndi anthu oti aziwerenga zolemba zako n'kumazing'amba popanda chisoni. Podikira, lemba masewero a pa wailesi, poti safuna kamera kapena lole yeniyeni, ndipo wailesi za m'madera zilipo zambiri.

Inunso bambo, mwatitopetsa ndi unamwino wanuwu. Mwana aliyense wamkazi akakhoza Biology, yunifomu yoyera mwamusokera kale. Mudapitako kuchipatala n'kukumana ndi namwino amene anachita kumukankhira ntchitoyo? Chidule cha mwana wanuyu mwachiwerengako n'komwe? Muli ndi ufulu kumuletsa kupita ku Blantyre chimanjamanja, pamenepo ndili nanu. Koma pa fomu ya NCHE, yolembera malo ku yunivesite, musamugwire dzanja.

Kalembedwe kako, mtsikana iwe, sikoipa kwenikweni, makamaka mmene dalaivala ndi kondakitala amalankhulirana. Lembanso gawo loyamba, mmodzi mwa anyamatawo akhale ndi chifukwa choopera lodibuloko iliyonse ya pa M1, unditumizirenso pamodzi ndi umboni woti fomu watumiza.