Kuwerenga White Teeth osasochera

Chemwali, musalisiye buku la nthano la Zadie Smith la White Teeth, kudumphadumpha kwa zaka komwe kwakusokonezaniko n'kwadala. Gawo lililonse lili ndi zaka ziwiri pamutu, monga "Samad 1984, 1857". Choyamba ndi cha nkhani, chachiwiri kawirikawiri ndi cha mbiri ya makolo yomwe ikumuvutitsa munthu wotchulidwa pamutupo. Lembani papepala mabanja atatu, a Jones, a Iqbal ndi a Chalfen, kenako muzitsata mapasa a Samad Iqbal, Magid ndi Millat, chifukwa mkangano wa chipembedzo, sayansi ndi kwawo kwa munthu wagona pa iwo.

Zadie Smith analitulutsa mu 2000 ali ndi zaka 24, ndipo linapata mphoto ya Whitbread ya buku loyamba la mlembi. Katswiri wounika mabuku James Wood analidzudzula kuti lachulutsa nkhani mpaka mitima ya anthu ake sikumveka. Pa machaputala omaliza ndikugwirizana naye. Ngati mukulembera mayeso, funsani kaye aphunzitsi anu musanatsamire pa Wood.