Damage ndi damages: chilembo chimodzi, nkhani ziwiri

Sabata yatha mayi wina wa ku Zomba ananditumizira imelo. Minibasi inaphonya msewu n'kugunda mpanda wa nyumba yawo, ndipo mlongo wawo, amene ankatchetcha udzu pafupi, anathyoka mwendo. Pa fomu ya inshuwalansi panalembedwa damage, koma kalata ya loya ikunena za damages. Funso lawo n'lakuti: "Kodi loyayu walakwitsa kalembedwe, kapena akungochulukitsa? Nanga ndingalembe kuti my brother was damaged?"

Pepani ndi ngoziyo, mayi. Loya wanuyo sanalakwitse ayi.

Damage ndi kuwonongeka kumene maso anu akuona: njerwa zogumuka zija, geti lopindika, galasi la minibasi lili mbwee pansi. Mawuwa sachulukitsidwa. Zinthu ziwonongeke makumi awiri, Mngelezi amangoti a lot of damage, basi. Ana asukulu ambiri amagwera pamenepa, amalemba kuti mvula yabweretsa many damages, mphunzitsi n'kudula ndi cholembera chofiira.

Mukangoika s kumapeto, mwatuluka pabwalo la nyumba yanu, mwalowa m'khoti. Damages ndi ndalama zimene wolakwa amalamulidwa kupereka kwa wolakwiridwa, chipukuta misozi. Ndiye minibasi inachita damage, loya akufuna damages. M'kalatamo mwina muonanso special damages, zomwe ndi ndalama zoti mutha kuziwerengera ndi malisiti, monga simenti, mmisiri ndi bilu ya kuchipatala. General damages ndi za ululu ndi kuvutika, zimene zilibe lisiti, woweruza ndiye amayika mtengo wake. Malisiti aja musataye ngakhale limodzi.

Gwero la mawuwa ndi damnum wa Chilatini, kutanthauza kutaya kapena kuluza. Analowa m'Chingelezi kudzera m'Chifalansa, chimene chinazika mizu m'makhoti a ku England anthu a ku Normandy, dera la ku France, atalanda dzikolo mu 1066.

Za mlongo wanu, chonde musalembe kuti was damaged. Zimamveka ngati mukunena firiji. Munthu akavulala timati he was injured, kapena mwachidule he was hurt. Chodabwitsa n'chakuti chiwalo chokha chimalola: dokotala atha kunena brain damage kapena liver damage, koma munthu wathunthu ayi. Palinso harm, mawu otakata kwambiri, okhudza thupi, mbiri ngakhale mtima. Apolisi amawakonda: m'malamulo athu a milandu, gawo 238 la Penal Code limanena za grievous harm, kuvulaza munthu modetsa nkhawa, ndipo chilango chake chimafika zaka 14.

Pali kagwiritsidwe kena kamene ine sindigwirizana nako. Ku Zambia ndi ku South Africa, mnyamata akapereka mimba kwa mtsikana asanakwatirane, akuchikazi amalipiritsa ndalama zimene anthu amangozitchula kuti damage kapena damages. Mwambo wolipira sindikuutsutsa, koma dzinalo limamuika mwana wamkazi m'gulu limodzi ndi mpanda wanu uja.

Ndipo tsiku lina mukadzamva mzungu mu lesitilanti akufunsa woperekera zakudya kuti "What's the damage?", musadzayang'ane pansi kufuna mbale yosweka. Akungofunsa bilu.